Chifukwa Chimene Mayi Anu Sankapitira Kutsogolo pa Misa

M'chaka chimodzi ndinataya izi:

mkazi wanga, Tereza Nyagondwe, asanakwanitse zaka makumi anayi;
udindo wa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu;
nyumba ya sukulu ku Kaning'ina, pamodzi ndi mitengo iwiri ya mapeyala imene iye anabzala kuseri;
mpando wanga pakati pa akulu a mpingo;
moni wa anthu ena amene ndinkamwa nawo tiyi.

Choyambacho sindikanatha kuchiletsa. Zinazo ndinazisiya ndikuona. Tamanda ndi Wongani, ndikulemba mutu uno chifukwa nkhaniyi mudzaimva mbali ziwiri. Akwathu ku Dowa adzakuuzani kuti ndinagwa. Akwawo kwa mayi anu adzakuuzani kuti ndinachedwa. Palibe amene adzakhale akunama kwenikweni, koma palibenso amene analipo pa zonse. Ndapuma ntchito msanga kuti ndikulereni, ndipo nthawi ndili nayo. Ndilemba monga zinachitikira.

Chaka choyamba cha ntchito: Ntchisi

Nditamaliza ku koleji, boma linanditumiza ku sekondale yoyendera ya kumudzi m'boma la Ntchisi kukaphunzitsa Mbiri ndi Baibulo. Sukulu yonse inali ndi buku limodzi la Mbiri, lopanda chikuto, ndipo ahedi, a Kalumbu, ankalitsekera m'kabati pamodzi ndi choko ndi belu. Ukafuna choko unkaima pakhomo la ofesi, iwo n'kuthyola chimodzi pakati, theka n'kukupatsa, theka n'kubweza. Sabata yoyamba ndinasiya dasitala patebulo nthawi ya buleki, pobwera ndinapeza palibe. A Kalumbu sanakalipe. Anangoti, "Mwale, pano chimene sunatsekere chimayenda. Ndipo munthu akakuthandiza usanamupemphe, uzidzifunsa kuti akufunanji." Ndinakhala nawo zaka zitatu. Anandiphunzitsa kukonza phunziro popanda buku, ndipo pa zimenezo ndimawathokoza. Anandiphunzitsanso kukayikira, ndipo phunziro limenelo ndinalimva kuposa mmene linkafunikira.

Mu Fomu 3 munali mutu wa kugawanika kwa mpingo ku Ulaya. Ndinkaukonda. Ndinkadula bolodi pakati ndi mzere. Mbali iyi Akatolika: masakramenti asanu ndi awiri, Baibulo pamodzi ndi mwambo wa mpingo, wansembe pakati pa munthu ndi guwa. Mbali inayi ife: masakramenti awiri, Baibulo lokha, chikhulupiriro chokha. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo kwathu Akatolika tinkangowatcha Aroma. Ndinali ndisanalowepo m'tchalitchi mwawo ngakhale kubisala mvula, koma ndinkakhulupirira kuti ndimawadziwa, popeza ndinkatha kuwalemba pa bolodi.

Chaka chachinayi: Mzuzu

Kalata yondisamutsa inandipeza mwezi wa Meyi. Ndinafika ku Mzuzu ndi malaya a manja aafupi okhaokha, n'kupeza chipinda cha lendi ku Ching'ambo. Kuzizira kwa kuno sikunali konga kwa kwathu. Mvula yowaza inkakhala masiku atatu osasiya, zovala osauma. Mnzanga wa ku ntchito anandilozera telala wina pakhonde la sitolo ku Luwinga, pakati pa malo amene ophunzira a ku yunivesite amachitirako fotokope. Ndinapita ndi jekete la bambo anga kuti alichepetse. Telalayo anali mtsikana wamtali, tepi ili m'khosi. Anandipatsa moni m'Chitumbuka, ine osamva kanthu. Anaseka, n'kutembenukira ku Chichewa chake chokweza kumapeto kwa mawu. "Imwe a ku Central mumabwera kuno ngati mukupita ku Salima. Jekete ili n'la agogo anu kapena?" Ndinati n'la bambo anga, ndipo ndine mphunzitsi. "Yewo chomene, aphunzitsi. Kwezani mikono." Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumapeto sananditchulepo dzina lina koma limenelo. Ine ndinkamutcha Nyagondwe, monga anthu a kuno amatchulira mkazi ndi mfunda wa bambo ake.

Patatha chaka tinayamba kukamba za ukwati. Ndinanena poyera kuti udzakhala ku mpingo wathu, chifukwa bambo anga sakanalowa kwa Aroma. Tereza anavomera mosavuta, moti ndinadabwa. Amene sanavomere ndi mayi ake, agogo anu a ku Ching'ambo. Anandiitanitsa, n'kundikhazika pampando, iwo n'kukhala pamphasa patali pang'ono. "Mkweni," anatero, ndilo dzina la mkamwini kuno, "mukudziwa kuti mukamutengera kumeneko sadzalandiranso?" Ndinafunsa kuti kulandira chiyani. Anafotokoza kuti Mkatolika akakwatiwa kunja, popanda chilolezo cha mpingo wake, ku Misa amapita ndithu, koma Ukaristia salandira mpaka ukwatiwo utadalitsidwa kwawo. Ndinawayankha ngati munthu wa ku koleji. Ndinati munthu amapulumuka ndi chikhulupiriro, osati ndi mkate wa m'manja mwa wansembe, ndipo limenelo ndi lamulo la anthu chabe. Tereza, amene anali pakhomo, anati, "Zilekeni, amama. Ndavomera ndine." Tinagwirizana kuti iye azipitabe kwawo, ana azidzapita kwathu. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikuganiza kuti ndapambana mtsutso.

Chaka chachisanu ndi chinayi: Kaning'ina

Ndinasamukira ku sekondale yogonera ya mpingo wathu, chakufupi ndi nkhalango. Malipiro ankachokera ku boma, koma pa nkhani ya maudindo mpingo unali ndi mawu. Ahedi anali a Nyirenda, munthu wowongoka amene sindinamuonepo atachedwa. Zosowa zinalipo zambiri. Madzi ankatha sabata yathunthu, ana n'kumakatunga kumtsinje m'malo mwa phunziro loyamba. Mphunzitsi wa masamu anachoka osalowedwa m'malo matemu awiri, ine wa Mbiri n'kumaphunzitsa masamu a Fomu 1 ndikuwerenga tsamba limodzi patsogolo pa ana. Nyemba za ana zikafumbwa, a Nyirenda ankadya mbale yoyamba okha pamaso pa sukulu yonse. Anandikonda chifukwa sindinkadandaula. Patatha zaka zitatu anandikweza kukhala wachiwiri wawo, n'kutipatsa nyumba ya sukulu imene inu munakuliramo. Chaka chomwecho mpingo unandisankha kukhala mkulu.

Koma kuyamba kwa temu iliyonse, tikamaliza za ndondomeko ya maphunziro, a Nyirenda ankavula magalasi n'kufunsa funso lomwelo. "Madamu adakali kwa Aroma?" Ndinkati adakali. "Tikuwapempherera, Mwale. Nyumba ya mkulu wa mpingo imafunika khomo limodzi." Nyumba za aphunzitsi zinali moyandikana, ndipo Lamulungu lililonse akazi a anzanga ankamuona Tereza akutsika kukakwera minibasi yekha, ife atatu tikulowera kwina. Ndinayamba kumuyang'anira. Ndikuvomereza kuti ndinatsegulapo kadirowa ka makina ake osokera, mmene ankasungamo kolona, kuti ndione ngati muli timabuku ta katekisimu ta ana. Munalibe. Tsiku lina iwe Tamanda, uli ndi zaka zisanu, unachita chizindikiro cha mtanda tisanadye. Ndinadikira kuti utuluke, n'kufunsa mayi ako kuti wakuphunzitsa ndani. "Mwanayu ali ndi maso, aphunzitsi," anatero. "Mukufuna ndizikadyera kubafa?" Ndinaseka, koma sindinakhulupirire. Ndinkaganiza kuti kuseri kwa kufatsa kwake kuli agogo anu ndi ansembe, akudikira nthawi yawo.

Chaka chakhumi ndi chinayi: maliro a apongozi

Bambo ake a Tereza atamwalira ndinalowa m'tchalitchi cha Akatolika koyamba m'moyo wanga. Tinakhala benchi lachiwiri, la abale. Ndinkayang'ana zonse ngati woyendera sukulu: makandulo, zofukiza, kugwada ndi kuimirira. Itafika nthawi yolandira, benchi lathu lonse linaimirira. Tereza sanaimirire. Anangopinda mawondo ake kumbali kuti azichemwali ake adutse, mmodzimmodzi, kenaka adzukulu, kenaka mayi ake. Anachita izi mwaluso, osayang'ana pansi, ngati munthu amene wazichita Lamulungu lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi. Pabenchi tinatsala awiri, bokosi la bambo ake lili patsogolo pathu. Ndinamva maso a tchalitchi chonse pamsana panga. Ndipo chimene ndinaganiza, ana anga, ndi chakuti akuchita dala kuti andichititse manyazi pamaso pa abale ake.

Pobwerera kumanda tinayenda kumbuyo kwa gulu. Ndinati, "Bwanji simunangopita? Akanakubwezani ndani pa maliro a bambo anu?" Anati palibe. "Ndiye vuto n'chiyani?" Anati, "Ine ndikudziwa." Ndinaima pamsewu. "Ndiye kuti m'maso mwanu ine si mwamuna wanu? Zaka zonsezi mukuona ngati tikungokhalira limodzi?" Anakonza mpango wake wakuda, n'kunena motsitsa, "Aphunzitsi, lero ndaika adada m'manda. Mayeso anuwo mudzandifunse tsiku lina." Sindinamufunsenso. Osati chifukwa chomumvera chisoni, koma chifukwa ndinkaopa yankho.

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chinayi: Meyi mpaka Julayi

Za matendawo sindilemba zambiri. Inali khansa, ndipo pamene madokotala ankaitchula dzina inali itafalikira. Anamubweza kunyumba ndi mankhwala ochepetsa ululu. Agogo anu anabwera kudzakhala nafe. Inali nthawi yokonzekera mayeso a Fomu 4, ndipo makiyi a chipinda cha mayeso anali ndi ine. Ndinkachoka m'mawa, kubwera masana kudzamuona, n'kubwereranso. A Nyirenda anatibwereka galimoto la sukulu kawiri konse popanda kupempha, ndipo akazi awo ankabweretsa nkhuni. Ndikulemba izi kuti musadzawaone ngati munthu woipa.

Lachitatu lina anandiitana mu ofesi, n'kutseka chitseko. "Mwale, Lachiwiri ndi Lachisanu, cha m'ma teni koloko, pakhomo panu pamaima njinga yamoto. Mukuidziwa?" Sindinkaidziwa. "Ndi wansembe. Sindikuletsa wodwala kupemphereredwa. Koma iyi ndi nyumba ya mpingo, ndipo anthuwa sayenda chabe. Amayamba ndi mayi, amatsiriza ndi ana." Lachisanu ndinasiyira kalasi ntchito yolemba, n'kukaima kuseri kwa mpanda wa mikungudza moyang'anana ndi nyumba yanga. Ndinaima pamenepo m'mvula yowaza ngati wakuba pakhomo la eni. Njinga inabwera ikulira ngati chigayo. Anatsika munthu wokalamba, wamfupi, n'kuvutika kuvula chisoti. Agogo anu anamulandira ndi manja awiri. Anakhala m'nyumba theka la ola. Sindinalowe. Ndinabwerera m'kalasi, n'kuchonga ntchito ya ana ngati palibe chachitika.

Loweruka m'mawa ndinapita ku parishi. Wansembeyo dzina lawo linali Abambo Zgambo. Anandidziwa ndisanadzitchule. "A Mwale. Dzana munanyowa chomene kuseri kwa mikungudza kuja." Anati dzana, ngakhale linali dzulo lake, ndipo sindinawakonze. Ndinakana tiyi. Ndinafunsa chimene akufuna m'nyumba mwanga ine kulibe. Anati amaitanidwa ndi akazi anga. Ndinati munthu wabwino sabwera mobisa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Njinga yanga imamveka ku Luwinga ndikadali pano. Ndimabwera dzuwa lili pamutu, pakati pa nyumba za aphunzitsi. Ngati ndiko kubisala, ndine wolephera." Ndinati akufuna ana anga. Anapukusa mutu. "Ana anu ndi obatizidwa, ndipo ubatizo wanu timauvomereza. Nkhani ndi imodzi. Mayi akufuna kulandira asanapite."

"Apatseni," ndinatero. "Wakuletsani ndani? Lamulo ndi lanu lomwe."

"Ndinawauza kuti munthu akafika pamene afikapo, khomo ndi lotsegula. Ndinawauzanso kuti pali njira yolembera kwa aepiskopi, ukwati n'kukonzedwa inu osaonekera. Zonse ziwiri akana. Akuti ukwati anamanga ndi inu, sangaukonze inu muli m'kalasi."

Ndinafunsa chimene chikufunika kwa ine. Anati kuima pambali pake, pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri, n'kunena kuti ndikumutenga kukhala mkazi wanga. Ndinati mawu amenewo ndinanena kale zaka khumi ndi zinayi zapitazo, pamaso pa Mulungu ndi pa abusa. "Mukuti Mulungu sanamve?" Wansembe anati, "Zimene Mulungu anamva, ine sindinganene. Kwa inu mpingo ndi okhulupirira atasonkhana pa Mawu, ndipo ukwati ndi pangano loyera kulikonse kumene lapangidwa. Kwa ife ukwati ndi sakramenti, ndipo mpingo uli ngati mayi amene ayenera kukhalapo mwana wake akamakwatiwa. Sindikukupemphani kuti muvomereze zimenezi. Ndikungokuuzani mmene akazi anu analeredwera." Ndinafunsa ngati pali chosainira. Anati chilipo, ndipo sanabise. Mkatolika amalonjeza kuti adzayesetsa, monga angathere, kugawira ana chikhulupiriro chake. "Lonjezo ndi lawo, si lanu. Inu mumangouzidwa. Ndipo mukuona nokha mphamvu zimene zawatsalira." Mumtima ndinati: apo, msampha uja ndi umenewu. Ndinaimirira, n'kutsanzika mwaulemu.

Masana a tsiku lomwelo ndinakhala pamphepete pa bedi. Inu munali kwa anzanu. Ndinamuuza kumene ndinapita, n'kufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. "Mukanati chiyani?" anafunsa. Ndinaganiza, n'kunena zoona, kuti ndikanakana. "Eya. Ndiye sindinafune kumva ayi wanu ndili chigonere. Komanso a Nyirenda akakufunsani, munkayenera kunena zoona kuti simukudziwa." Ndinafunsa za lonjezo la ana. "Ana ndi anu, aphunzitsi. Ndikawaphunzitsa katekisimu ndili kuti?" Ndinati ndiganiza mayeso akatha. Anati chabwino, n'kupempha kuti ndimusunthire pilo. Sanaitchulenso nkhaniyo, ngakhale kamodzi. Kukhala chete kumeneko nakonso ndinakukayikira. Ndinkati ndi njira yondifewetsera.

Lolemba ndinawafotokozera a Nyirenda, popeza nawonso anali mkulu wa mpingo. Anamvetsera mpaka kumapeto. "Mwale, mkulu wa mpingo akaima pamaso pa wansembe kubwereza malumbiro, akulengeza kuti abusa athu sanamange kanthu. Akulengeza kuti ana akewo anabadwira kunja kwa ukwati. Mwaganiza zimenezo? Madamu adzapulumuka ndi chikhulupiriro chawo mwa Khristu. Mkate uja suwonjezera kanthu. Izi mumaphunzitsa ndinu nomwe." Ndinati ndikudziwa. "Mukachita, bwalo la akulu lidzakhala, ndipo ine sindidzakutetezani. Udindo uno ndi nyumba ija zimayendera limodzi ndi mpando umenewo." Sanandiopseze. Anangondiwerengera zimene ndinkazidziwa kale. Ndipo zimene ananena za chikhulupiriro ndinkazikhulupirira, ndipo ndimazikhulupirira mpaka lero.

Ndinachedwa masabata atatu. Ndinayang'anira mayeso onse, n'kutseka envulopu iliyonse ndi dzanja langa. Pa sabata yachitatu Tereza anasiya kudya, ndipo anamugoneka ku chipatala chachikulu.

Lamulungu lotsatira kwathu kunali Mgonero wa Ambuye. Mwambo wathu ndi wakuti akulu amayenda m'mabenchi ndi mbale ya mkate ndi thireyi ya timakapu, ndipo amalandira ndi okhawo amene apereka khadi la Mgonero. Ine ndinapatsidwa mabenchi a amayi, chakumbuyo. Kumapeto kwa benchi lina kunali mayi wina amene bwalo lathu linamudula chaka chapitacho chifukwa cholowa m'banja la mitala. Pa chigamulocho ndinakweza nawo dzanja, ndipo sindikuti tinalakwa. Mbale itafika kwa iye, anailandira ndi manja awiri, osatengamo, n'kundipatsira. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mkate. Mayiyo ankadziwa katekisimu wathu bwino lomwe, ankadziwa kuti kachidutswa kameneko sikapulumutsa munthu, koma ankabwerabe pa Mgonero uliwonse kudzakhala pamenepo. Palibe ankamutuma. Palibe chimene ankafuna kundilanda. Ndinayenda ndi mbaleyo kubwerera kutsogolo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalola ganizo lakuti mwina kuseri kwa mkazi wanga kunalibe munthu aliyense. Mwina ankangofuna chimene ananena kuti akufuna.

Sindinasinthe chiphunzitso tsiku limenelo. Ndinalemba kalata yaifupi yodziwitsa a Nyirenda ndi abusa chimene ndikukachita, tsiku lake ndi malo ake, kuti asadzamve kwa ena. Lolemba m'mawa ndinaipereka. A Nyirenda anayang'ana envulopu, osaitsegula. "Muli zimene ndikuganizazo?" Ndinati inde. Anaiika m'dirowa. "Lero ndatanganidwa. Ndiiwerenga Lachinayi." Kenaka anatenga makiyi a galimoto la sukulu pa msomali, n'kuwaika patebulo pafupi ndi dzanja langa. Sindinawatenge. Ndinapita pa minibasi.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa munathandiza kunyamula katundu. Bwalo linakhala patatha mwezi maliro atachitika, n'kundichotsa pa ukulu ndi kundiimika pa Mgonero kwa nthawi. Temu yotsatira ndinabwezedwa ku sukulu ya boma ngati mphunzitsi wamba, tinabwerera ku lendi ku Ching'ambo, ndipo nditakwanitsa zaka zololedwa ndinapempha kupuma. Ndimapempherabe ku mpingo womwewo, ndipo inu mumapita nane. Abambo Zgambo sanabwerepo kudzafunsa za inu. Kwa chaka chathunthu ndinkamvetsera ngati njinga ija imveka. Sinamveke.

Mwambo wa ukwatiwo unachitika Lachiwiri masana, nthawi yoona odwala, m'wodi ya amayi. Mboni zinali mlongo wake wa Tereza ndi namwino wina wachikatolika amene anapempha mnzake kuti amugwirire ntchito pang'ono. Agogo anu anamumanga mayi anu mpango woyera. Katani yotchinga bedi inali yong'ambika, moti wodi yonse inkaona. Abambo Zgambo anandipatsa chipepala, ndipo ndinachiwerenga chonse, kutsogolo ndi kuseri, kenaka n'kuyambiranso. Mlongo wake anayamba kung'ung'udza m'Chitumbuka. Tereza anati, "Alekeni awerenge." Munalibe china choposa zimene ndinauzidwa. Ndinasaina. Wansembe anafunsa ngati tigwiritse Chitumbuka kapena Chichewa, ndipo Tereza anati Chichewa, kuti aphunzitsi asadzati sanamve. Anandifunsa ngati ndikumutenga Tereza kukhala mkazi wanga, pa mtendere ndi pa mavuto, pa moyo wabwino ndi pa matenda. Ndinati inde. Mawu anga anatuluka owuma, ngati ndikuyankha kaundula. Iye anayankha ndi mawu aang'ono koma omveka. Mayi wina wa pabedi loyandikana anayesa kululutira, mpweya n'kumuthera pakati, wodi yonse n'kuseka.

Kenaka tonse tinasunthira pakhonde kuti alape. Atatiitananso, wansembe anatulutsa kabokosi kakang'ono kachitsulo. Tereza sankatha kumeza bwino, choncho ananyema kachidutswa kochepa kuposa chikhadabo, n'kumuika palilime, namwino n'kumudonthezera madzi ndi supuni. Ine ndinaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo. Sanandipatse, ndipo sindinafune. Mayi anu anatseka maso nthawi yaitali. Sanalire. Amene analira ndi agogo anu, chamumtima, atatembenukira kukhoma.

Belu lotulutsa alendo linalira. Ena anatsogola, ine n'kutsalira kuti ndimukonzere bulangeti. Mawa lake ndinamupeza sakuzindikiranso munthu, ndipo Lachinayi m'mawa anamwalira. Choncho mawu a tsiku limenelo ndiwo omaliza amene ndili nawo. Ndinali nditawerama, ndikulowetsa bulangeti kunsi kwa matiresi. Anandigwira mkono wa jekete, n'kundikokera pafupi.

"Pitani mukadye, aphunzitsi. Simunadye chidzukire. Ana mukawauze kuti bambo awo andikwatira kawiri, ndipo konse kuwiri ndinavomera."